Mawu Onyoza Mtundu pa Bwalo la Maseŵera: Mlandu Umene Mphunzitsi Amaweruza Theka

Mphunzitsi amene wangotuluka kumene m'koleji kaŵirikaŵiri amalandira ntchito ziŵiri zimene aphunzitsi akale adatopa nazo: kalasi la ana ochuluka, ndiponso maseŵera. Za m'kalasi amakhala ataphunzira mokwanira, kuyambira kukonza phunziro kufikira kalembedwe ka pabolodi. Koma za maseŵera amangopatsidwa mpira ndi wezulo, nauzidwa kuti Lachisanu kudzabwera sukulu ya kutsidya kwa mtsinje. Malamulo a mpira savuta kuphunzira. Chovuta ndi mlandu umene umabuka pamene mwana wina watukwana mnzake potchula mtundu wake, chilankhulo chake kapena khungu lake, ndipo wotukwanidwayo wabwezera ndi chibakera. Pa zolakwa ziŵirizi mphunzitsi amawona chimodzi chokha. Chibakera chimawonedwa ndi bwalo lonse, pamene mawu amamveka kwa anthu aŵiri kapena atatu basi. Chotero amene amatulutsidwa m'bwalo ndi wotukwanidwa uja, ndipo wotukwana amatsala akuseŵera, mwinanso n'kumwetsa chigoli. Nkhani ino ikufotokoza chifukwa chake chiweruzo chotere chili chokhota ngakhale mphunzitsi atachipereka ndi mtima woyera, ndiponso zimene angachite kuti achiwongole.

Boma la anthu osakanikirana

Titenge boma la Neno, kumene ena a inu mudzatumizidwa kukayamba ntchito. Bomali lidapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003. Kumtunda, cha kwa Dambe, kumazizira ndipo anthu amalima mbatata ya kachewere ndi tirigu. Kumunsi, cha ku Lisungwi ndi ku Zalewa, kumatentha ndipo moyo umatsata msewu waukulu ndi mtsinje wa Shire. Angoni ndi ochuluka, koma aliponso Amang'anja, Alomwe, Ayao ndi ena amene adabwera ndi ntchito kapena malonda. Kumadzulo bomali lachita malire ndi Mozambique, ndipo malirewo adadula pakati pa abale. Pa nkhondo yapachiŵeniŵeni ya m'dzikolo, imene idatha mu 1992, Malaŵi adasunga othaŵa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo msasa wa Luwani m'boma lomweli udali umodzi wa malo owasungirako. Msasawo udatsekedwa mu 2007, koma udatsegulidwanso mu 2016 pamene anthu ena adathaŵa zipolowe za m'chigawo cha Tete nayamba kusamutsidwa kuchokera ku Kapise, m'boma la Mwanza.

Tanthauzo la zonsezi kwa mphunzitsi nlakuti pamene sukulu ziŵiri za m'bomali zikumana pa mpira wa miyendo kapena wa ntchemberembaye, pabwalopo pamakhala ana a mbiri zosiyana, ndipo ana amadziŵa bwino mbiri za anzawo. Amadziŵa amene agogo ake adachokera kutsidya la malire. Amadziŵa amene bambo ake adachokera kumpoto. Maseŵera akatentha, mwana amatola chida chimene chili pafupi, ndipo chida chapafupi kwambiri ndi liwu limene adamva akulu akunena kunyumba: "obwera", "Anguru", "ambwenumbwenu", kapena "napweri" ponena mwana wachialubino.

Wina angafunse kuti, kodi pa mpira sipamakhala kunyodolana nthaŵi zonse? Pamakhaladi, ndipo sitikufuna bwalo la zii ngati m'chipinda cha mayeso. Koma pali kusiyana. Kuuza goloboyi kuti manja ake ali ngati nsengwa yobowoka ndi kunena za kaseŵeredwe kake ka lero, kamene angathe kukonza maŵa. Kumutchula ndi dzina lonyoza mtundu wake ndi kunena za chinthu chimene sadasankhe ndipo sangasinthe, ndiponso ndi kutukwana mayi ake, agogo ake ndi mudzi wake wonse pakamwa pamodzi. Mawu otere amakhalanso ndi katundu wa mbiri. Alomwe ambiri adaloŵa m'dziko muno kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 pothaŵa nkhanza za Apwitikizi, nagwira thangata m'minda ya azungu, ndipo dzina lakuti Anguru lidasanduka lowachepetsa. Lidawapweteka kotero kuti m'zaka za m'ma 1940 bungwe lawo, motsogozedwa ndi Lewis Bandawe, lidadandaula kufikira boma la atsamunda lidaleka kulemba dzinalo m'makalata ake. Mwana wa Sitandade 6 amene akulitchula lero sadziŵa mbiri imeneyi. Amangodziŵa kuti liwulo limalasa, ndipo nchifukwa chake walisankha.

Nafenso Amalaŵi tidalaŵapo zoterezi kunja. Ku Zimbabwe ana ndi adzukulu a matchona akhala akutchedwa Mabhurandaya ndi Manyasarande, maina ochokera ku Blantyre ndi Nyasaland, ngakhale adabadwira komweko. Komabe Benjani Mwaruwari, wobadwira ku Bulawayo m'banja lochokera ku Malaŵi, atayamba kumwetsa zigoli ku Portsmouth ndi ku Manchester City, ndiponso kutsogolera timu ya dzikolo, adali mwana wa dziko lonse. Ku South Africa liwu lakuti makwerekwere lidatsogolera zipolowe za mu 2008 ndi 2015, pamene mabasi adabweza abale athu kuno kumudzi ena atangotsala ndi zovala za m'thupi. Mphunzitsi amene amawawidwa mtima pomva zimenezi sayenera kuyesa nthabwala liwu lakuti "obwera" pa bwalo la sukulu yake.

Zimene mpira wa basketball wa m'makoleji ukutiwonetsa

Pa mabwalo athu palibe amene amalemba kapena kujambula zochitika, kotero mlandu umatha ndi fumbi la tsikulo. Nchifukwa chake nkwabwino kuyang'ana kumene zonse zimajambulidwa ndi kusungidwa, kuti tiwone bwino kukhota kwa chiweruzo. Malo amodzi otere ndi mpira wa basketball wa m'makoleji a ku America. Seŵeroli silidafale m'sukulu za kumidzi kwathu kuno, koma oseŵera ake ndi ophunzira a msinkhu wanu womwewo, ndipo milandu yawo njofanana ndi imene mudzakumana nayo.

Amene adayambitsa seŵeroli adali mphunzitsi, James Naismith, pa sukulu yophunzitsa atsogoleri a achinyamata ku Springfield mu 1891. Adalemba malamulo 13. Lamulo lachisanu lidaletsa kukankha, kugwira, kupinga ndi kumenya. Pa malamulo onsewo padalibe ndi limodzi lomwe lonena za lilime. Sitikumudzudzula, pakuti iye ankafuna seŵero losavulaza ophunzira m'nyengo yachisanu. Koma apa mpamene payambira vuto lathu. Malamulo a maseŵera adabadwa akuyang'ana manja ndi miyendo, ndipo oimbira adazoloŵera kuyang'ana komweko.

Mu 1966 koleji ya Texas Western idaloŵetsa m'bwalo anyamata akuda asanu poyamba seŵero lomaliza la mpikisano wa dziko lonse, chinthu chimene chidali chisanachitikepo, ndipo idagonjetsa Kentucky, imene idali ya azungu okhaokha, ndi 72 kwa 65. Mphunzitsi wa timuyo, Don Haskins, adalandira makalata ambiri achidani. Chaka chotsatira, akuluakulu a maseŵera a m'makoleji adaletsa kugoletsa modumpha ndi kukankhira mpira m'nkhata ndi manja kuchokera pamwamba, ndipo chiletsocho chidakhala kufikira 1976. Iwo adati akupeŵa ngozi. Koma ambiri, kuphatikizapo Lew Alcindor wa koleji ya UCLA, amene pambuyo pake adadziŵika kuti Kareem Abdul-Jabbar, adawona kuti lamulolo lidalunjika pa kaseŵeredwe kamene anyamata akuda ankapambana nako.

Mlandu umene ukufanana kwambiri ndi wathu udachitika mu February 2014. Marcus Smart, mnyamata wa zaka 19 wa koleji ya Oklahoma State, adagwera pakati pa owonerera pa bwalo la Texas Tech seŵero lili pafupi kutha. Bambo wina wachizungu adamulankhula mawu, ndipo mnyamatayo podzuka adamukankha. Kukankhako kudawonetsedwa pa wailesi yakanema dziko lonse, ndipo adaletsedwa maseŵera atatu. Za mawuwo padakhala mkangano. Kudamveka kuti mnyamatayo adadandaula za liwu lonyoza mtundu. Bamboyo adavomera kuti adatukwana koma adakana kuti adatchula mtundu, ndipo koleji itafufuza idagwirizana naye. Bamboyo adangolonjeza kusabweranso ku maseŵera m'nyengo yotsalayo. Sitingathe kuweruza pano amene adanena zowona. Chimene tiyenera kuwona nchakuti ngakhale pa bwalo lodzaza makamera, dzanja lidali ndi umboni wosakanika pamene lilime lidali ndi pothaŵira. Nanga pa bwalo la fumbi la ku Ligowe, kumene woimbira ali yekha ndi wezulo?

Mlandu wina ukutiwonetsa mbali yachiŵiri, ya kuyesa zinthu zofanana ndi miyeso yosiyana. Pa 2 April 2023, ku Dallas, atsikana a Louisiana State adagonjetsa a Iowa ndi 102 kwa 85 pa seŵero lomaliza. Chakumapeto, Angel Reese, mtsikana wakuda, adagwedeza dzanja patsogolo pa nkhope yake moyang'ana Caitlin Clark, mtsikana wachizungu wa Iowa, naloza chala chimene adzavalapo mphete ya opambana. Anthu ambiri adakwiya nati mtsikanayo ngwopanda mwambo. Komatu sabata imodzi m'mbuyomo Clark yemweyo adagwedeza dzanja chimodzimodzi poseŵera ndi Louisville, ndipo adatamandidwa kuti ali ndi moto wa mpikisano. Ena adati zinthu ziŵirizi sizidafanane kwenikweni, chifukwa Reese adachita motalikitsa ndiponso momutsatira mnzakeyo. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu yake, ndipo mphunzitsi wabwino sakana kusiyana kumene kulipodi. Koma kusiyana kwa masekondi oŵerengeka sikungafotokoze kusiyana kwa mawu amene adagwiritsidwa ntchito. Kwa wina anthu adaweruza chochita. Kwa winayo adaweruza munthu yense ndi kaleredwe kake. Clark mwini wake adanena poyera kuti mnzakeyo sayenera kudzudzulidwa.

Okonda mpira wa miyendo akumbukira kuti chaka chomwecho, pa 21 May, Vinícius Júnior wa Real Madrid adanyozedwa khungu lake ndi owonerera ku Valencia, ndipo amene adawonetsedwa khadi lofiira seŵero lisanathe adali iye yemwe, pambuyo pa mkangano ndi woseŵera wina. Khadilo lidafafanizidwa pambuyo pake, ndipo mu June 2024 bwalo la milandu lidagamula anthu atatu kuti akakhale m'ndende miyezi 8. Chilungamo chidabwera, koma chidachedwa ndi chaka chathunthu. Mwana wa pulayimale alibe chaka choyembekezera. Zimene waphunzira Lachisanu madzulo ndi zomwezo.

Masikelo aŵiri a pa sukulu zathu

Mlimi wa nandolo wa ku Lisungwi amadziŵa za wogula amene ali ndi masikelo aŵiri, lina logulira, lina logulitsira. Sikelo lililonse palokha limawoneka labwinobwino. Chinyengo chimadziŵika pokhapokha thumba limodzi likayesedwa pa onse aŵiri. Ndi mmenenso kukondera kwa mphunzitsi kumakhalira. Palibe mphunzitsi amene amadzuka m'maŵa nati lero ndikondera. Chiweruzo chilichonse pachokha chimamveka cholongosoka kwa iye mwini. Mnyamata wa pa sukulu yathu akafuula atamwetsa chigoli timati ali ndi mtima wa mpira. Wa sukulu ya alendo akachita zomwezo timati ngwachipongwe. Mnyamata akatsutsana ndi woimbira timati akumenyera timu yake. Mtsikana wa ntchemberembaye akatero timati ngwamwano, adzavuta pabanja. Katswiri wa timu akatukwana timayang'ana kumbali chifukwa sabata ya maŵa kuli mpikisano wa zoni. Mwana wongoloŵa m'malo mwa wina akatukwana timamupatsa khasu akalambule msewu. Ana a pa boma akanena anzawo a kumapiri kuti ngachimidzi timaseka nawo, koma a kumapiriwo akabwezera timayitana ahedi.

Choipa kwambiri nchakuti ulemu wa pabwalo, umene uli chinthu chabwino, umasanduka katundu wosenzetsa wofooka yekha. Kwa wotukwanidwa timati: "Pirira, usabweze, wamaseŵera weniweni sapsa mtima." Malangizo ameneŵa ngowona, ndipo mwana ayenera kuwamva. Koma akaperekedwa kwa iye yekha, pamene wotukwanayo sanauzidwe kanthu, amasanduka phunziro lina: kuti pali anthu amene ntchito yawo ndi kutukwana, ndi ena amene ntchito yawo ndi kupirira. Ana sachedwa kumva phunziro lotere, chifukwa siliphunzitsidwa ndi choko.

Ife aphunzitsi tili ndi chifukwa chathuchathu chokhalira tcheru pa nkhaniyi. Mu 1989 boma la Dr. Banda lidalamula kuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kukaphunzitsa kuchigawo chakwawo, powaganizira kuti sankaphunzitsa ndi mtima wonse ana a zigawo zina. Anthu adasamutsidwa popanda kufunsa ntchito ya aliyense payekha. Chimene chidayesedwa chidali kumene munthu adabadwira. Malamulo aakulu a dziko a 1994, m'ndime 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, chilankhulo, chipembedzo, chilema kapena kumene adachokera. Kwa mwana wa kumudzi, munthu woyamba wa boma amene angamuwonetse ngati ndimeyo ili ndi mano ndi mphunzitsi wake.

Nthabwala ndi chipongwe

Pano pali chovuta chimene mabuku a kunja sangatithandize nacho. Mwambo wathu umalola kunyodolana kwa mtundu wina. Asuwani amatukwanizana popanda mlandu. Adzukulu pamaliro amanena mawu amene munthu wina atanena angalipitsidwe nkhuku. Ku Zambia, Angoni ndi Abemba, amene makolo awo adamenyana nkhondo, ali ndi chibale cha nthabwala chodziŵika dziko lonse: Mbemba amaseka Mngoni kuti amadya mbeŵa, Mngoni amaseka Mbemba kuti amadya anyani, ndipo onse amathandizana pamaliro. Chotero mwana wogwidwa atatukwana adzayankha msanga kuti, "Aphunzitsi, ndimangocheza." Makolo ake adzanenanso zomwezo, nawonjezera kuti ana a masiku ano ngosachedwa kulira.

Mphunzitsi asanyoze mwambowu, koma awumvetse bwino koposa amene akubisalamo. Nthabwala za pachisuwani zili ndi malamulo ake okhwima. Zimachitika pakati pa anthu amene chibale chawo chimadziŵika kwa onse. Zimapita uku ndi uku: wonenedwa ali ndi ufulu wobweza liwu lolemera chimodzimodzi, ndipo akabweza onse amaseka. Ndiponso zimaima pomwepo wina akakhumudwa, chifukwa cholinga chake ndi kusunga chibale. Tsono taganizirani mwana mmodzi wachialubino pakati pa bwalo, gulu la owonerera likumuimbira nyimbo. Kodi ali ndi liwu lotani loti abweze? Kuyambira chakumapeto kwa 2014 anthu achialubino m'dziko muno adayamba kusakidwa ndi kuphedwa chifukwa cha zikhulupiriro zabodza, ndipo mwanayo amadziŵa zimenezi bwino koposa oimbawo. Taganiziraninso mwana wa banja lochokera ku Mozambique amene akuuzidwa kuti abwerere kwawo. Iye sangauze mnzakeyo zomwezo. Pamene liwu lingapite mbali imodzi yokha, ndiye kuti si nthabwala ayi. Funso loyenera kumufunsa wotukwanayo ndi losavuta: "Mnzakoyo anaseka?" Ndipo lachiŵiri: "Ukadanena mawu omwewo bambo ake ali pomwepo?" Ana ambiri amayang'ana pansi pa funso lachiŵirili, ndipo kuyang'ana pansiko kumasonyeza kuti kusiyanako amakudziŵa kale.

Zimene mphunzitsi angachite

Ntchito yaikulu imachitika mpira usanayambe. Aphunzitsi a sukulu ziŵirizo akumane, ngakhale kwa mphindi zisanu pansi pa mtengo, agwirizane kuti kutukwana mtundu, chilankhulo, khungu kapena chilema ndi mlandu wotulutsa munthu m'bwalo, ndipo zimenezi zilengezedwe kwa matimu onse aŵiri ataima pamodzi, owonerera akumva. Simukupanga lamulo lachilendo: Lamulo 12 la mpira wa miyendo limanena kale kuti mawu onyoza kapena otukwana ndi mlandu wa khadi lofiira, chimodzimodzi ndi kumenya. Oimbira ambiri a m'masukulu sadziŵa zimenezi, kapena amazidziŵa koma amawopa. Pa mphindi yomweyo ana apatsidwe njira ina yosakhala chibakera: wotukwanidwa auze kaputeni, kaputeni akweze dzanja, ndipo woimbira alonjeze kuti adzaimitsa mpira ndi kumvetsera. Mwana amamenya kaŵirikaŵiri chifukwa amadziŵa kuti kunena sikuthandiza. Mukamulonjeza kuti mudzamva, muyenera kusunga lonjezolo ngakhale timu yanu ili pafupi kugoletsa.

Woimbira ali ndi makutu aŵiri okha, choncho abwereke ena. Oimbira a m'mbali auzidwe kuti ntchito yawo si kuyang'ana mzere wokha. Aphunzitsi ena asaunjikane pa mipando ya alendo olemekezeka, koma amwazikane pakati pa owonerera, makamaka kumbuyo kwa magolo, kumene nyimbo zoipa zimayambira ndiponso kumene goloboyi wa alendo amakhala yekhayekha. Nyimbo yonyoza ikayamba, mpira uime. Mabungwe a mpira a dziko lapansi adakhazikitsa njira ya masitepe atatu: kuimitsa seŵero ndi kuchenjeza, kutulutsa matimu kwa kanthaŵi, ndipo zikapitirira, kuthetsa seŵerolo. Njira imeneyi imagwira bwino ntchito pa sukulu, chifukwa owonerera amene ayenda mtunda wautali kudzawona mpira sachedwa kutontholetsa mnzawo amene akuwawonongera tsiku.

Tsono tinene kuti zonsezi zalephera, ndipo chibakera chaponyedwa. Womenyayo atuluke, pamenepa palibe kukambirana, chifukwa mukalola kumenya pa chifukwa chabwino, maŵa aliyense adzakhala ndi chifukwa chabwino. Koma musaimbe wezulo yopitiriza mpira musanafunse funso limodzi: "Chinachitika nchiyani iwe usanamenye?" Funso limeneli limatenga theka la mphindi, ndipo ndilo limasiyanitsa woweruza ndi wongowonerera. Funsani ana amene adali pafupi, mmodzimmodzi, kuyambira a timu ya wotukwanayo, chifukwa umboni wawo ndiwo wolemera. Ngati zatsimikizika, onse aŵiri atuluke, ndipo polengeza mutchule mlandu wa mawu poyamba, pakuti ndiwo udayamba. Musamukakamize wotukwanidwayo kubwereza liwulo pamaso pa gulu. Akuuzeni inu nokha pambali, ndipo inunso musalitchule mokweza, chifukwa likatuluka m'kamwa mwa mphunzitsi ana amaliyesa lololedwa.

Za kugwirana chanza ndiyenera kunenapo mawu, chifukwa aphunzitsi timachikonda kwambiri. Chimatha msanga, chimawoneka bwino pamaso pa alendo, ndipo chimatipatsa mtima wakuti mlandu watha. Koma chanza chokakamiza chimafuna zambiri kwa wolakwiridwa koposa kwa wolakwa: wina akungotambasula dzanja, winayo akulamulidwa kukhululuka asanapepesedwe. Ku England, Luis Suárez ataletsedwa maseŵera 8 chifukwa cha mawu amene adanena kwa Patrice Evra mu 2011, mwambo wa chanza pa seŵero lawo lotsatira la ligi, mu February 2012, udangobutsa mkangano watsopano pamene Suárez adadutsa dzanja la mnzakeyo. Kupepesa kuyambe, ndipo kukhale kotchula cholakwa: osati "pepa ngati wakhumudwa", koma "ndinanyoza mtundu wako, ndinalakwa". Chanza chingadikire Lolemba.

Lolembalo nkhani iloŵe m'kalasi, koma osati monga mlandu wa ana aŵiri aja. Pa phunziro la Chicheŵa kapena la Social Studies mungafunse ana kuti afufuze kwa agogo awo kumene banja lawo lidachokera ndi tanthauzo la mfunda wawo. Zotsatira zake zimadabwitsa ana. Angoni a kwa Maseko adawoloka Zambezi m'zaka za m'ma 1830 kuchokera kummwera. Amaravi, makolo a Acheŵa ndi Amang'anja, amasimba za ulendo wochokera ku Uluba, m'dziko la Congo. Ayao ndi Alomwe adachokera kummaŵa, m'dziko la Mozambique. Mapu a maulendo ameneŵa akajambulidwa pabolodi, mivi yonse ikuloza m'boma limodzi, liwu lakuti "obwera" limasoŵa pogwira. Samalani kuti phunziroli lisasanduke kuloza mwana mmodzi kuti afotokoze za mtundu wake wonse. Aliyense abweretse zake, kuyambira inu aphunzitsi.

Patsala mlandu wovuta koposa, umene mudzakumana nawo ndithu: wotukwanidwa akuti ananenedwa, wotukwana akukana, ndipo palibe wachitatu amene adamva. Pamenepa simungalange munthu popanda umboni, ndipo mukatero mudzakhala mwagwiritsanso ntchito sikelo lachinyengo, kungoti mwalitembenuza. Koma pali kusiyana pakati pa kunena kuti "sindingathe kutsimikiza" ndi kunena kuti "ukunama". Muuzeni wodandaulayo kuti mwamva, ndipo kuti mwalemba. Lembanidi m'buku la maseŵera: tsiku, sukulu, maina, ndi zimene aliyense adanena, ndipo kope lina lipite kwa mphunzitsi wa sukulu inayo ndi kwa ahedi. Muuzeni woganiziridwayo kuti lero sakulangidwa, koma kuti pa seŵero lotsatira woimbira wa m'mbali adzakhala pafupi naye. Dandaulo limodzi silitsimikiza kanthu. Koma dzina lomwelo likawonekanso m'bukumo pa seŵero la ku Matope, kenaka pa la ku Chifunga, kuchokera kwa ana osadziŵana, pamenepo muli ndi choti mupite nacho kwa makolo ndi ku komiti ya sukulu.